Ndakatulo zikutuluka phala ndikazichita scan, ndithandizeni

aphunzitsi_achichewa analemba:

Moni nonse muno. Ndine mphunzitsi wa Chichewa pa sekondale ina kuno kuchigawo chapakati, ndipo chaka chino mu Fomu 3 mwanga muli mtsikana wosaona, mwana wochangamuka kwabasi, amabwera ndi kalaputopu kakale kamene kamamuwerengera zinthu mokweza. Buku la ndakatulo limene tikuphunzira la Braille lake pasukulu pano palibe, tinapempha kale koma kudikira kwake mukukudziwa, nde ndinaona kuti si bwino mwanayu azingodalira anzake kuti amuwerengere nthawi ya prep, tsiku lina anzakewo atopa kapena ali ndi zawo, iye basi wagona osawerenga. Ndinatenga bukulo kulijambula pa foni tsamba ndi tsamba, kenako mphwanga anandisonyeza mochitira kuti zithunzizo zisanduke zolemba za mu Word.

Nkhani zazifupi zinayenda bwino, kungokonza timalakwika apo ndi apo. Koma ndakatulo ayi ndithu, zatuluka phala. Mizere yonse yagwirana kukhala chindime chimodzi ngati kalata yopita kwa amfumu, mipata imene inali pakati pa ndime ndi ndime yatsekeka, manambala a masamba alowa pakati pa mawu, ndipo pali ndakatulo ina imene anaisindikiza mbali ziwiri patsamba limodzi, imeneyo makinawo awerenga chopingasa, mzere wa kumanzere kuulumikiza ndi wa kumanja, ine mwini wake kuwerenga mpaka mutu kuwawa.

Mnzanga wina mu staff room akuti ndikudzivutitsa chabe, akuti mwanayo mizere saiona, kompyuta ikamuwerengera amangomva mawu basi, bola mawu onse alipo. Mbali ina ndikuona ngati akunena zoona poti nthawi ndilibe, makalasi ndili nawo anayi ndipo makope a ana angoti mbwee kudikira kuchonga. Koma mtima ukukana, chifukwa ndine ndemwe ndimaima kutsogolo kumafunsa kuti "mu ndime yachiwiri mzere wachitatu mlakatuli akutanthauzanji", nanga iyeyu mzere wachitatuwo aupeza bwanji?

Nde ndikufunsa inu amene mumawerenga ndi makutu kapena ndi zala, komanso amene mumakonza mabuku otere, kodi mizere ndi ndime mumazimva? Ndikonze bwanji mu Word muja kuti zimuthandize? Nanga mizere ina imene mlakatuli anailowetsa mkati pang'ono, ndiisiye choncho kapena ndingoifola yonse kumanzere? Ndinaganizanso zoika mpatuliro kumapeto kwa mzere uliwonse kuti makinawo azipumira, kaya ndi nzeru kaya ndi kuononga.

chala_ndi_khutu analemba:

Aphunzitsi poyamba zikomo chifukwa chofunsa, ambiri safunsa, amangotipatsa chimene iwo akuganiza kuti chitikwana. Ine ndine wosaona chibadwire, sekondale ndinamaliza kalekale, pano ndimagwiritsa NVDA pa laputopu ndi TalkBack pa foni, mapulogalamu amene amandiwerengera mokweza zimene zili pa sikirini. Anzanu a mu staff room awo muwauze mwaulemu kuti mizere timaimva, kungoti timaimva mwa njira yathu. Ine ndakatulo sindiisiya kuti kompyuta ingoyithamangitsa yokha kuchokera pamwamba mpaka pansi ngati uthenga wa maliro pa wailesi. Ndimadina batani la muvi wotsika, kamodzi mzere umodzi, ndimve, ndiganize, ndidinenso. Ndikafika pa mpata wa pakati pa ndime NVDA imanena kuti "blank", apo ndadziwa kuti ndime yatha tikulowa ina. Ntchito imene diso lanu limagwira kwa ine imagwira ndi chala chimenecho, nde mukalumikiza mizere chalacho chilibenso poponda.

Kuti muone kuopsa kwake ndapeka kandakatulo kanga pompano, musakaseke:

Mvula yabwera
     mbewu ndinadya
Mvula yabwera
     khasu ndinagulitsa
Amayi
ndidzala chiyani

Tsopano kalumikizeni mmene makina anu achitiramo: Mvula yabwera mbewu ndinadya Mvula yabwera khasu ndinagulitsa Amayi ndidzala chiyani. Mwamva? Munthu wagulitsa amayi ake kkkk. Inu mukhoza kuzindikira poona chilembo chachikulu cha "Amayi" kuti apa panayambira mzere wina, koma kompyuta ikamawerenga mawu athunthu sinena kuti apa pali chilembo chachikulu, imanena pokhapokha ndikamayenda chilembo chimodzichimodzi. Mawu onse alipo monga anenera anzanuwo, palibe lasowa, koma ndakatulo ija yafa, kuitana kuja koti "Amayi" kumene kwaima pakokha pa mzere wake kwasanduka katundu wa pa msika. Komanso mukamufunsa za chibwereza, kuti mizere iti ikuyamba mofanana, ayankha chiyani ngati mizereyo kulibe?

Za mipatuliro zija chonde musatero. Ndikudziwa cholinga chake nchabwino koma mlakatuli akasiya mzere wopanda chizindikiro nthawi zambiri amachita dala, mwina akufuna mpweya upitirire mpaka mzere winawo. Mukathiramo mipatuliro yanu mwanayo aloweza ndakatulo ya inuyo osati ya mwini wake, tsiku lina akadzaikopera poyankha funso kapena akadzatsutsana ndi mnzake woona, wolakwa adzakhala iye. Zinandichitikirapo ine, munthu wina wachifundo anandikonzera ndakatulo ndi kuthiramo zizindikiro zake, ndinakakamira pagulu kuti pali mpumiro pamene panalibe, manyazi ake ndimawakumbukirabe.

Mizere yolowa mkati isiyeni ilowe. Ikani Tab imodzi kutsogolo kwake, yolowa kwambiri Tab ziwiri. Mu NVDA muli poti munthu atsegule kuti izimuuza za kulowa kwa mzere, zili mu Document Formatting, ndipo akhoza kusankha kuti izinena ndi mawu kapena izingoliza kabelu, kabeluko kamakwera mawu mzere ukalowa mkati kwambiri. Ine ndimakonda kabelu chifukwa sikasokoneza ndakatulo, umangomva kuti tii kenako mawu. Mu kandakatulo kanga kaja mizere yolowayo ili ngati kuyankha, wina akulengeza za mvula wina akudandaula chapansipansi, mukaifola kumanzere mwachotsa munthu wachiwiriyo.

China chimene anthu oona sachiganizira, mzere ukakhala wautali umapindika pa sikirini, nde muvi wotsika umandiwerengera theka kenako theka linalo ngati mzere wina, ine sindingadziwe kuti wadula ndi mlakatuli kapena ndi Word. Mankhwala ake ndi osavuta, chepetsani zilembo ndi kukulitsa tsamba mpaka mzere uliwonse ukwane pamzere umodzi, ife zilembo zazikulu tilibe nazo ntchito. Koma ngati mwanayo amaonako pang'ono ndiye nkhani ina, mufunseni kaye.

Mutu wa ndakatulo iliyonse muupange Heading weniweni wa mu Word, osati kungoukulitsa ndi kuudetsa. Mukatero iye amatha kudumpha ndakatulo ndi ndakatulo ndi batani la H, apo ayi ayenda ndi muvi buku lonse kufunafuna pamene mwati atsegule, anzake atayamba kale kuyankha.

mlakatuli_wa_pa_dambwe analemba:

Ine ndiyankhula ngati munthu wolakatula, za makompyuta sindizidziwa. Koma abale tisaiwale kuti ndakatulo kwathu kuno ndi ya pakamwa, ambiri tinaikonda poimva pa wailesi ndi pa misonkhano tisanaione nkomwe papepala, agogo athu ankalakatula pa maliro ndi pa zinamwali opanda mzere ngakhale umodzi wolembedwa. Mizere ya papepala ija ndi njira chabe yosonyeza popumira, nde bwanji aphunzitsi osangotenga foni yomweyo ndi kujambula mawu awo akulakatula ndakatulo iliyonse bwinobwino, kukweza pofunika kukweza, kutsitsa pofunika kutsitsa, ndi kumupatsa mwanayo pa memory card? Chifukwa kunena zoona ndinamvapo kompyuta ikuwerenga Chichewa, ndinamva chisoni, mvekero ngati "phwii" kapena "mbwee" imautchula ngati munthu wodwala mano, ndipo Chichewa chili ndi kukweza ndi kutsitsa mawu kumene zilembo sizisonyeza, mtengo wa m'nkhalango ndi mtengo wa pa msika makina angasiyanitse? Kwa ine kumupatsa mwana ndakatulo kudzera m'mawu a makina kuli ngati kumupatsa nsima yozizira. Masabata awiri amene muwonongere pokonza mizere, masiku awiri okha mwamaliza kujambula buku lonse.

gogo_wa_Perkins analemba:

Ana anga ndalowa mochedwa, mdzukulu ndi amene akundilembera pa foni ine ndikunena. Ndinaphunzira za ana osaona ku Montfort ku Nguludi ndipo zaka zambiri ndakhala ndikutayipa Braille pa makina a Perkins, mpaka pano mapewa amandikumbutsa. Nkhani mukukambayi si yatsopano, ife tinkalimbana nayo makompyuta asanabwere.

Muyambe mwadziwa kuti Braille imadya malo. Chilembo chimodzi ndi kachipinda ka timadontho 6, ndipo kachipindako sikachepetsedwa ngati zilembo za inki chifukwa chala chili ndi msinkhu wake. Pepala lalikulu lija limatenga tizipinda 40 pamzere ndi mizere 25 basi. Tsono Chichewa mawu ake ndi aatali, "ndikadzakukumbukirani" lokha latenga theka la mzere, ndiye mzere wa ndakatulo umene m'buku la inki wakwana bwinobwino kwa ife umasefukira. Lamulo limene tinkatsata ndi ili: mzere wa mlakatuli uyambire pa kachipinda koyamba, zosefukirazo zipite pansi koma ziyambire pa kachipinda kachitatu. Chala chikabwerera kumanzere ndi kupeza mawu ayambira kumphepete chimadziwa kuti uwu ndi mzere watsopano, chikapeza alowa mkati chimadziwa kuti tikupitiriza womwe uja. Ngati ndakatuloyo ili ndi mizere yolowa mkati ngati ya mwana wanga wagulitsa amayi akeyo, ndiye mizere wamba pa 1, yolowa pa 3, zosefukira zonse pa 5, kuti zitatuzi zisasokonezane. Pakati pa ndime mzere umodzi wopanda kanthu.

Pamene ambiri amagwa ndi kumapeto kwa tsamba. Ndime ikathera pansi penipeni pa pepala, mpata uja umasowa, mwana akatembenuza tsamba sadziwa ngati akupitiriza ndime yomweyo kapena wayamba ina. Ife tinkasiya mzere wopanda kanthu pamwamba pa tsamba latsopanolo. Ndipo mzere umodzi wa mlakatuli sitinkaudula pakati kuti theka litsale tsamba ili theka lipite linalo, bola kuusamutsa wonse. Aphunzitsi, vuto lomweli lilinso m'buku lanu la inkilo, pamene ndakatulo yawoloka tsamba makina anu sangadziwe ngati panali mpata kapena ayi, muyenera kuwerenga nokha mizere ya ndime zinazo ndi kuona tanthauzo. Onaninso mizere yaitali imene osindikiza anaipinda chifukwa tsamba linawachepera, kachidutswa kotsala kaja amakakankhira kumanja pansi pake, kameneko si mzere, kabwezereni kwa mwini wake.

Ndisabise, mapepala a Braille ndi okwera mtengo ndipo ndakatulo imawononga mapepala, mzere wa mawu awiri watenga mzere wonse kwina konseko kuli mbee. Mapepala akatsala ochepa pali njira ina yovomerezeka, kulemba mizere mondondozana ngati nkhani koma kuika chizindikiro pamene mzere wathera. Mu Braille ya Chingerezi ya masiku ano imene amaitcha UEB chizindikirocho ndi timadontho 4, 5 ndi 6, chimagundana ndi liwu lomaliza kenako mpata. Zimapulumutsa mapepala ndithu ndipo palibe chatayika, mwana akhoza kuwerenga mizere. Koma ine kwa ana a sukulu sindinkaikonda, chifukwa mphunzitsi akati mzere wachisanu ndi chiwiri, mwana wa njira yoyamba ija amangotsitsa chala kumphepete kuwerenga 1, 2, 3, pamene uyu ayenera kupapasa mawu onse kusaka zizindikiro. Pa mayeso nthawi imathera pomwepo.

Ndiye aphunzitsi ngakhale lero mwanayo akuwerenga ndi makutu, fayilo yanuyo ikonzeni bwino, chifukwa tsiku limene mudzapeze embosser, makina osindikiza Braille, adzatenga yomweyo kusindikiza, phala mukalowetsa phala lidzatuluka, pamapepala odula.

Ndakatulo zina zimene anazikonza ngati chithunzi, mwina ngati mtanda kapena mtengo, musavutike kuzijambula ndi mipata. Lembani mizere yake mwadongosolo, pamwamba muikepo mawu ochepa onena kuti m'buku ndakatuloyi yaoneka ngati chakuti, ndipo musonyeze kuti mawuwo ndi a inu okonza osati a mlakatuli. Chiganizo chimodzi chakwana, ena amachita kulemba ndime yonse mpaka mwana kutopa asanayambe ndakatulo.

chala_ndi_khutu analemba:

Agogo mwandikumbutsa kutali, 1 ndi 3 ameneyo zala zanga zimamudziwa ngakhale ndili mtulo.

Achimwene a pa dambwe, zoti makina amapha Chichewa sindikutsutsani. Ine ndimachita kusankha mawu a Chiswahili pa eSpeak, kapulogalamu kamene kamatulutsa mawu mu NVDA, chifukwa ndi amene amayandikirako, a Chingerezi ndiye ndi tsoka, koma a Chiswahiliwonso "th" wa mu "thambo" amamutchula moluma lilime ngati mzungu, tinangozolowera ngati mmene umazolowerera mlendo wolankhula chibwibwi. Ndipo mawu ojambulidwa ndimawakonda, aphunzitsi akapeza mpata ajambule, zidzamuthandiza kumva kukoma kwake.

Koma zikhale zowonjezera, zisalowe m'malo mwa zolemba. Mukandilakatulira inu ndiye kuti mwandisankhira kale popumira, pokwiya ndi polira, ine ndangolandira zotafunidwa kale. Mnzanga woona ali ndi ufulu woyang'ana mzere umodzi mphindi zisanu, kubwerera m'mbuyo, kuona kuti liwu ili analilemba bwanji, kupeza tanthauzo limene aphunzitsi sanaliganize. Ine pa voice note ndibwerera bwanji ku mzere wachitatu wa ndime yachiwiri, ndizingokoka kamzere kaja mongoyerekeza? Komanso olakatula abwino sapumira pamene mzere wathera nthawi zonse, inuyo mukudziwa, pena mumawoloka mizere iwiri ndi mpweya umodzi, nde womvera sangadziwe pamene unadukira. Za mtengo wa m'nkhalango ndi wa pa msika, woona nayenso papepala amaona zilembo zofanana, amasiyanitsa ndi nzeru zake, ifenso nzeruzo tili nazo. Ndipo tsiku lina mtsikanayu mwina adzafuna kulemba ndakatulo zake, adzadziwa bwanji kudula mzere ngati sanakhudzepo mmene ena amadulira?

mlakatuli_wa_pa_dambwe analemba:

Apo pa zotafunidwa kale mwandigwira pakhosi achemwali, ndavomera. Komabe kujambulako kuchitike, mwana asamalize sukulu akuganiza kuti ndakatulo imamveka ngati eSpeak wanuyo.

kamnyamata_ka_IT analemba:

Aphunzitsi ine ndingowonjezera za mabatani, zina zonse akuluakulu anena kale.

Vuto lanu likuchokera poti mapulogalamu a OCR, aja osandutsa zithunzi kukhala zolemba, anapangidwa poganizira nkhani wamba, akaona mizere yotsatizana amaganiza kuti ndi ndime imodzi imene yangopindika chifukwa cha tsamba nde amailumikiza kuti akuthandizeni. Pa nkhani zazifupi ndi chithandizo, pa ndakatulo ndi kuononga. Ena ali ndi posankha kuti asunge mizere mmene ilili, mu ABBYY FineReader muli kabokosi kotero ka line breaks, fufuzani musanayambe. Tesseract ndi yaulere ndipo ikamatulutsa zolemba wamba imasunga mizere, ine ndimaiuza kuti chilankhulo ndi Chiswahili chifukwa ukaiuza Chingerezi imakonda kukokera mawu athu ku mawu a Chingerezi. Koma kunena chilungamo ndakatulo zambiri ndi zazifupi, ina ya mizere 16 kuitayipa nokha buku lili pambali ndi mphindi zochepa kuposa kusula phala lija, makamaka ija ya mbali ziwiri. Kapena ijambuleninso, mbali imodzi muiphimbe ndi pepala loyera, kenako inayo. Phimbaninso nambala ya tsamba ndi mutu wa buku umene umabwerezedwa pamwamba. Ngati m'mphepete muli manambala owerengera mizere, 5, 10, 15, amenewo amakonda kumatirira ku liwu lomaliza, asakeni.

Mu Word dinani Ctrl ndi Shift ndi 8 pamodzi, muona zizindikiro zobisika zosonyeza pamene mzere wadukadi ndi pamene wangopindika. Ine ndimachita chonchi, kumapeto kwa mzere Shift ndi Enter, kumapeto kwa ndime Enter wamba. Ubwino wake Word imaona ndime yonse ngati chinthu chimodzi, nde muvi wotsika ukuyenda mzere ndi mzere pamene Ctrl ndi muvi wotsika ukudumpha ndime ndi ndime, mukati ndime yachinayi mwanayo wafika kale. Ife a IT anatiphunzitsa kuti kusiya mzere wopanda kanthu ndi uve, uyenera kugwiritsa spacing, koma apa iwalani zimenezo, spacing imaoneka ndi maso okha, NVDA sinena "blank" pamenepo. Siyani mzere weniweni wopanda kanthu monga anenera achemwali.

Zimitsani AutoCorrect musanayambe, iyi ndi mfiti yeniyeni. Imakuza chilembo choyamba cha mzere pamene mlakatuli analemba chaching'ono, imasintha mawu a Chichewa mwakachetechete, ndipo kachizindikiro kaja ka mu ng'ombe ndi m'mudzi kakakhala koyambirira kwa liwu imakatembenuza kukhala kotsegulira mawu a munthu, zikafika ku Braille timadontho take ndi tosiyana. OCR nayonso kachizindikiro kameneka imakonda kukataya kapena kukasandutsa mpata, "ng ombe", ndipo imasokoneza l ndi 1 ndi I, komanso rn ndi m. Ngati bukulo lili ndi ŵ wa kadenga, OCR imamuvula kadengako, mubwezereni, mu Word lembani 0175 kenako Alt ndi X.

Pomaliza musamupatse PDF ya zithunzi kapena zithunzi za pa WhatsApp, kwa iye ndi pepala lopanda kanthu. Mpatseni Word yomweyo. Ngati akufuna kuwerengera pa foni pali kapulogalamu kaulere ka DAISY Consortium kotchedwa WordToEPUB kamene kamasandutsa Word kukhala EPUB, mtundu wa buku lowerengera pa foni kapena kompyuta, ma Heading aja amasanduka mndandanda wa zamkatimu, koma mukatero yesani kaye ndakatulo imodzi muone ngati mipata ndi ma Tab zapulumuka, nthawi zina zimathawa panjira. Agogo mwina mukondwa kumva kuti kuyambira 2023 NVDA ili ndi Braille ya Chichewa cha ku Malawi mkati mwake, nde amene ali ndi kamakina kaja kotulutsa timadontho akhoza kuwerenga fayilo yomweyi ndi zala popanda pepala, kungoti timakinato mtengo wake ndi wa ng'ombe zingapo.

Wina afunsa za chilolezo cha eni buku. Pali pangano la Marrakesh la 2013 limene cholinga chake ndi chakuti mabuku azisandutsidwa kuti osaona awerenge popanda kuyamba wagwada kwa osindikiza, ndipo Malawi analowamo mu 2017. Koma ndi la osaona ndi ena ovutika kuwerenga zosindikiza, nde fayiloyo isapezeke ikuzungulira pa gulu la WhatsApp la Fomu 3 yonse, dzina la mlakatuli ndi la osindikiza muzisiye momwemo, ndipo ndi bwino akulu a sukulu adziwe kuti mukuchita zimenezi.

aphunzitsi_achichewa analemba:

Zikomo nonse, agogo zikomo kwambiri ndi mdzukulu wolembayo. Dzulo nditaweruka ndinakonza zitatu zokha kuti ndiyese, Heading pamutu, Shift ndi Enter, Tab pa mizere yolowa, mipatuliro yanga imene ndinali nditayamba kale kuthira ndinaichotsa yonse. Ija ya mbali ziwiri ndinangoitayipa, zoona sizinatenge nthawi. Lero pa break ndinamuitana kuti ayese ine ndili pompo. Za kabelu zija samazidziwa, tinafufuza limodzi mpaka tinazipeza, atamva tii koyamba anaseka, akuti aphunzitsi ndakatuloyi ili ndi masitepe.

Kenako wandigwira ine. Akuti ndime zonse zili ndi mizere inayi koma yachitatu ili ndi isanu ndi itatu, kodi ndi mmene analembera? Kuyang'ana m'buku, ndi pamene ndakatulo yawolokera tsamba lina, ndendende zimene ananena agogo, ndime ziwiri ndinaziphatikiza ine ndi maso anga awiriwa. Takonza pomwepo.

Tagwirizana kuti ndizikonza ziwiri kapena zitatu pa sabata motsata mmene tikuphunzirira, iye azizifufuza asanalowe nazo m'kalasi, ndipo anzake awiri a Fomu 3 amene amatayipa msanga adzipereka kuthandiza Loweruka. Kujambula mawu ndiyamba holide ikubwerayi achimwene a pa dambwe, kunyumba kuno masana nkhuku ndi ana sangandilole. Mnzanga wa mu staff room uja ndamuwerengera za munthu wogulitsa amayi ake, waseka mpaka kutsamwa tiyi, koma sanavomere kuti analakwa.

Funso lina laling'ono kwa a IT, m'munsi mwa masamba ena muli matanthauzo a mawu ovuta okhala ndi kanyenyezi, amenewo ndiwaike pati kuti asamudule pakati pa ndakatulo?

kamnyamata_ka_IT analemba:

Aikeni onse pansi ndakatulo ikatha, pansi pa kamutu kakuti Matanthauzo, liwu lililonse ndi nambala ya mzere umene likupezeka. Kanyenyeziko mukhoza kukasiya pa liwulo poti m'buku kalipo, koma mufunseni mwini wake ngati kakumusokoneza NVDA ikamakatchula.

chala_ndi_khutu analemba:

Kasiyeni, akatopa nako adina batani lija amalitcha la NVDA pamodzi ndi P kuchepetsa zizindikiro zimene imatchula, akakafuna akabweza yekha. Mumupatse moni mtsikanayo, mumuuze kuti ndime yachitatu ija waigwira bwino.